Yoopsa ndi iti, yaing'ono kapena yaitali?

M'zigawo zambiri za ku America mnyamata wa zaka 18 atha kulowa m'sitolo n'kugula mfuti yaitali yoti ikhoza kugwetsa nyama ili patsidya pa dambo. Koma akaloza kamfuti kokwana m'thumba la jekete, wogulitsa amubweza kuti akabwerenso akadzakwanitsa zaka 21, msinkhu womwewo umene amayambira kugula mowa. Yaikulu kwa mwana, yaing'ono kwa wamkulu. Ine ndinafunsa kuti anene kawiri.

Amene amandiuza izi ndi mphwanga, mwana wa mlongo wanga, yemwe amakhala ku South Bend m'chigawo cha Indiana, tauni imene kuli Amalawi ambiri ndithu. Ndi nesi, ali pabanja, ana awiri, ndipo anatenga unzika wa dzikolo. Nditapita kukacheza ndinapeza nkhani ili m'kamwam'kamwa m'nyumbamo ndi yakuti bambo akufuna kugula mfuti, kungoti sanatsimikize: pisito yoyenda nayo m'chiuno, kapena yaitali yosunga m'nyumba. Ine moyo wanga wonse ndinagwira choko. Mfuti zimene ndimazidziwa ndi gogodela wa alenje a kale, zija amanyamula apolisi pa rodibuloko, ndi ma AK-47 amene anatisowetsa tulo nkhondo ya ku Mozambique itatha mu 1992. Kwathu munthu wamba wofuna mfuti amayamba wakagogoda ku polisi n'kufotokoza bwino chimene akuifunira. Tsono ine ndinalibe nzeru yoti ndimugawire. Ndinali ndi mafunso okhaokha.

"Chifukwa chake n'chiyani kuti yaing'ono ndiyo ivute kugula?"

"Ndi lamulo la 1968, amalume. Linakhazikitsidwa anthu akuluakulu ataphedwa motsatizana."

Anawatchula. Pulezidenti John Kennedy ku Dallas mu 1963, Martin Luther King ku Memphis mu April 1968, Robert Kennedy ku Los Angeles mu June chaka chomwecho. Ndinafunsa kuti anaphedwa ndi mfuti zanji. Woyambayo ndi yaitali, yoitanitsa pa positi. Wachiwiriyo yaitalinso. Wachitatu yekha ndiye anawomberedwa ndi yam'manja.

"Ndiye awiri aphedwa ndi yaitali, boma n'kukakhwimitsa yaifupi?"

Apa mphwanga anali ndi yankho, ndipo linali lomveka. Yaitali imaoneka munthu akadali uko; yaifupi imabisika. Anandionetsa ziwerengero za FBI za 2019: anthu 6,368 anaphedwa ndi mfuti zam'manja, 364 ndi zazitali zija zowombera kutali. Mipeni inapha anthu 1,476, kuposa mfuti zazitalizo kanayi. Zazitali zimamveka kwambiri pa wailesi chifukwa ndizo amakonda aja amalowa m'sukulu n'kupulula anthu nthawi imodzi, koma imene imadzaza manda tsiku ndi tsiku, m'makwalala ndi m'nyumba, ndi yaing'onoyo.

"Oo. Ndiye yoopsa ndi yaing'ono."

"Inde."

"Nanga iwe ukufuna iti?"

"Yaing'ono."

Ndinafunsa kuti ya ntchito yanji. Yodzitetezera. Kwa ndani? Kwa anthu oipa. Anthu oipawo ali ndi chiyani chimene chikwanje sichingathe? Ali ndi mfuti. Anazipeza kuti? Apa anayamba kuseka, nati m'dzikomo mfuti zachuluka kuposa anthu. Si nthabwala. Bungwe la Small Arms Survey la ku Geneva linawerengera kuti mu 2017 anthu wamba ku America anali ndi mfuti 393 miliyoni, ndiye kuti mfuti 120 pa anthu 100 alionse, kuwerengera makanda ndi nkhalamba zomwe. Ndipo a bungwe la Pew atafunsa eni mfuti mu 2023, anthu 72 pa 100 alionse anati chifukwa chachikulu chokhalira nayo ndi chitetezo. Ndinangofunsa kuti ngati mfuti ili chitetezo, dziko la mfuti zochuluka chonchi lisakhale lamtendere koposa onse bwanji. Anati funso limenelo ndi la andale, iye akungofuna imodzi.

Tinapita kusitolo. Ndisanalowe anandichenjeza kuti ndizingoona ndi maso, ndisagwire kanthu, chifukwa chake adzandiuza. Ndinapinda manja kumbuyo.

Wogulitsayo anali munthu wa ulemu, woleza mtima, ndipo ndivomere kuti sanatinamize. Anatulutsa kamfuti kotchedwa SIG Sauer P365, kamene kanatuluka mu 2018 n'kutchuka msangamsanga. Kulemera kwake ndi theka la kilogalamu, kamalowa zipolopolo 10, mpope wake wautali masentimita 8 basi. Pambali pake anaika Glock 19, yokulirapo pang'ono, ya zipolopolo 15. Anatiuza kuti mwini dzinalo, Gaston Glock wa ku Austria, ankapanga timitengo tachitsulo tokolekapo makatani ndi mipeni, mpaka asilikali a dziko lake anasankha mfuti yake mu 1982. Zimenezo ndinazikonda, koma sizinandiyankhe kanthu.

Ndinafunsa kuti kwa munthu woyamba kumene, yosavuta ndi iti. Ndimayembekeza kuti aloza kakang'onoko. Iye anapukusa mutu. Anati kakang'onoko ndiko kovuta kuposa zonse m'sitolomo. Chipolopolo chake n'chimodzimodzi ndi cha Glock, cha mamilimita 9, ndipo mphamvu imene imakankha chipolopolo kupita kutsogolo imakankhanso mfuti kubwerera kumbuyo. Mfuti yolemera imameza kukankhako. Yopepuka imadumpha m'manja. Chogwirira chake n'chachifupi, chala chakanise chimasowa pokhala. Timizere tiwiri tolunjikira, kam'mbuyo ndi kakutsogolo, tayandikana kwambiri, kotero dzanja likangonjenjemera pang'ono chipolopolo chimakadutsa kutali ndi pamene umafuna.

"Ndiye yosavuta kunyamula ndiyo yovuta kuwombera?"

"Ndi momwemo."

"Nanga yosavuta kuwombera?"

"Ndiyo yovuta kunyamula."

Anatsitsa yaitali pakhoma, AR-15, imene anaijambula Eugene Stoner m'zaka za m'ma 1950. Imalemera makilogalamu atatu. Imeneyi umaitsamiritsa paphewa, tsaya umaligoneka pamwamba, manja onse awiri agwira motalikirana, ndiye sigwedezeka. Anati munthu amene sanagwirepo mfuti, akaphunzitsidwa masana amodzi, atha kulasa mbale ili pa mamita 100. Ndi pisito, ambiri amaphonya chitseko chili pa mamita 20. Chipolopolo cha pisito chimathamanga mamita 360 pa sekondi, cha yaitaliyo pafupifupi 900.

Ndinafunsa kuti apolisi, amene ntchito yawo ndi yomweyo, amalasa bwanji ndi pisito zawo. Wogulitsayo anadziwa yankho. Bungwe la RAND linafufuza apolisi a ku New York kuyambira 1998 mpaka 2006, n'kupeza kuti akamawomberana ndi munthu, zipolopolo 18 zokha pa 100 ndizo zimalasa amene akumufuna. Ndinafunsa kuti zina 82 zija zimapita kuti. Anatambasula manja.

Ndinatembenukira kwa mphwanga. "Iwe umabaya jakisoni, sulakwitsa mtsempha, zimenezo ndikudziwa. Koma usiku pakati, utadzidzimuka kutulo, magetsi ali ozima, mtima ukugunda, ukalasa bwino kuposa wapolisi wa ku New York?"

"Ndiye n'chifukwa chake ndikuganizanso za yaitali, amalume."

Chabwino, yaitali. Ndinagogoda khoma la sitoloyo ndi chala, linalira ngati mulibe kanthu. Nyumba za kumeneko zambiri si za njerwa. Ndi matabwa ophimbidwa ndi mabolodi a laimu, oti munthu atapsa mtima atha kuboola ndi chibakera. Ndinafunsa ngati chipolopolo chimaima chikafika pakhoma lotero. Wogulitsayo anati ayi, cha yaitali chimadutsa, cha pisito chimadutsanso, makoma angapo. Ndinafunsa mphwanga kuti kuseri kwa khoma la chipinda chake kumagona ndani. Sanayankhe, chifukwa tonse timadziwa.

Tsono nzeru inandibwerera. Ngati yaitali ndi yosavuta kulunjika koma yovuta kutembenuka nayo m'kakhonde ka m'nyumba, osangoidula bwanji kuti ikhale pakatikati? Wogulitsayo anatong'ola maso n'kuyang'ana uku ndi uku. Anati mpope wa mfuti yaitali ukachepera mainchi 16, ndiye kuti masentimita 40 ndi pang'ono, ndipo usanailembetse ku boma mwapadera, ndi mlandu woti ungakhalire kundende zaka 10. Lamulo lake ndi la 1934, nthawi ya zigawenga za mtundu wa Al Capone ku Chicago, mzinda umene suli kutali ndi South Bend. Cholinga chinali kuletsa mfuti zobisika m'chikhoti. Poyamba lamulolo linkafuna kukhudza pisito zomwe, ndipo ndime ya mfuti zodula inalipo kuti munthu asazembe podula yaitali n'kuisandutsa yam'manja. Aphungu atakangana, pisito anazichotsamo, ndime ya zodula n'kutsala.

"Ndiye ya masentimita 38 ndi mlandu chifukwa ikhoza kubisika?"

"Inde."

"Koma iyi ya masentimita 8 ndi yololedwa?"

"Inde, bambo."

Ndinamupempha kuti andifotokozerenso pang'onopang'ono. Anati wakhala akugulitsa mfuti nthawi yaitali ndipo sanapezepo njira yoifotokozera kuti imveke.

Kenaka anationetsa fomu imene wogula amasaina, nambala yake 4473. Ndinavala magalasi. Ikufunsa ngati ukuthawa mlandu. Ikufunsa ngati umasuta chamba kapena kugwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo. Ikufunsa ngati unapezekapo wolakwa pa mlandu womenya mkazi kapena mwamuna wako. Pali kabokosi ka inde ndi ka ayi. Ndinafunsa ngati alipo wothawa mlandu amene anachongapo inde. Anaseka, nati kunama pa fomuyo ndi mlandu paokha, komanso dzina lako amalitumiza ku kompyuta ya FBI kuti ione mbiri yako. Dongosolo limenelo linayamba mu 1998, kutsatira lamulo la 1993 lotchedwa dzina la James Brady, mneneri wa Pulezidenti Reagan amene analumala atawomberedwa limodzi ndi bwana wake mu 1981. Nthawi zambiri yankho limabwera pa mphindi zochepa. Likachedwa kupitirira masiku atatu ogwira ntchito, lamulo limalola wogulitsa kupereka mfutiyo ngakhale yankho lisanafike.

Ndinafunsa kuti nanga amene akudziwa kuti kompyutayo imukana amatani. Anati ku Indiana munthu wamba atha kugulitsa mfuti yake kwa mnzake wa m'chigawo chomwecho popanda fomu, popanda kompyuta, bola asakhale akudziwa kuti wogulayo ndi woletsedwa. Ndinafunsa kuti angadziwe bwanji popanda kufunsa kompyuta. Ndinafunsanso za laisensi yoyenda nayo pamsewu. Anati kuyambira pa 1 July 2022 sifunikanso. Bwanamkubwa wa nthawiyo, Eric Holcomb, anasaina lamulolo ngakhale amene anali mkulu wa apolisi a chigawocho, Doug Carter, analitsutsa poyera. Maphunziro? Osakakamiza. Ndinafunsa ngati galimoto ungayendetse popanda laisensi. Ayi. Kuwedza nsomba mumtsinje wa St. Joseph umene umadutsa m'taunimo? Munthu wamkulu ayenera kugula laisensi. Ndinaiika nkhaniyo pambali kuti ndikaiganizire bwino kunyumba.

Za kasamalidwe ndinaziona ndi maso kwa mnansi wa mphwanga, mzungu wachikulire, mlenje, amene anatiitanira m'galaja mwake. Anayala nsanza patebulo, n'kuika kabotolo ka mankhwala otchedwa Hoppe's No. 9, amene anayamba kupangidwa mu 1903 ndipo fungo lake akuti mwana aliyense wa mlenje amalidziwa. Onga ukapsa umasiya mwaye mumpope, chipolopolo chimasiyanso timbewu ta mkuwa ndi mtovu. Amalowetsa kabulashi pakamtengo, kenaka tinsalu, mpaka kansalu katuluke koyera. Mafuta amadontheza pang'ono chabe. Akachepa zitsulo zimadyana, akachuluka amakoka fumbi n'kusanduka phala, mfuti n'kukana kulira tsiku limene ukuifuna.

Ndinafunsa ngati yongokhala osawombedwa nayonso imafuna zonsezi. Anati makamaka pisito ya m'chiuno: thukuta la munthu lili ndi mchere, limabweretsa dzimbiri, ndipo ulusi wa zovala umadzaza m'timipata. Mwini wake naye amachita dzimbiri. Ukapanda kupita kumalo ophunzirira kuwombera mwezi ndi mwezi, dzanja limaiwala, ndipo ulendo uliwonse ndi ndalama ya zipolopolo ndi ya pakhomo. Ng'ombe ya pangolo imadya ngakhale tsiku losakoka, koma iyo timadziwa kuti nthawi yokolola ifika. Iyi ukuidyetsa ukupemphera kuti tsiku la ntchito yake lisadzafike.

Mkuluyo anatiphunzitsa malamulo anayi amene anatchukitsa msilikali wina wakale, Jeff Cooper. Mfuti iliyonse uziyitenga kuti ili ndi chipolopolo. Usaloze chinthu chimene sukufuna kuwononga. Chala chisakhudze kachitsulo kowombera mpaka utalunjika. Udziwe chimene ukuwombera ndi chimene chili kuseri kwake. Anati ngozi zambiri za patebulo zimachitika motere: munthu amachotsa kachikwama ka zipolopolo n'kuganiza kuti mfuti yatsala yopanda kanthu, osadziwa kuti chimodzi chinalowa kale mumpope ndipo chikudikira. Ndiye anatenga Glock yake, anaiyang'ana m'kati kawiri, analowetsa chala kuti atsimikize, analoza pansi pakona, n'kukoka kachitsulo kowombera. Kanangoti thapu.

Ndinadumpha. "Si mwangonena kumene kuti chala chisakhudze pamenepo?"

Anati Glock simasuka ngati sunakoke kachitsuloko. Ndi mmene anaipangira.

"Ndiye kuti muitsuke muyenera kuitenga kuti ilibe chipolopolo?"

"Inde."

"Koma lamulo loyamba likuti nthawi zonse ili nacho?"

Anati n'chifukwa chake amaloza pakona paja, pamene pali ndowa ya mchenga.

Funso limene linatitengera nthawi yaitali linali la posungira, ndipo limeneli analiyambitsa ndi mayi a m'nyumbamo, mkazi wa mphwanga, tili pa chakudya. Anati, "Amalume, afunseni kuti akaiika pati." Mphwanga anati m'bokosi lachitsulo lokhoma, zipolopolo pena, monga amalangizira madokotala a ana. Ndipotu potsatira lamulo la 2005 wogulitsa wa m'sitolo aliyense amayenera kupereka kaloko pogulitsa pisito. Ndinafunsa kuti wakuba akathyola chitseko, padzatenga nthawi yaitali bwanji kuti adzuke, apeze kiyi, atsegule bokosi, akatenge zipolopolo kwina n'kuzilowetsa. Anati nthawi ndithu. Ndiye anasintha, nati aziisunga m'kabati ya pambali pa bedi, yodzaza kale. Mkazi wake anaika supuni pansi. Mwana wawo wamng'ono amatsegula kabati iliyonse m'nyumbamo, ndinadzionera ndekha atanditulutsira mankhwala anga m'chikwama.

Mkangano umenewu si wa banja lawo lokha. Unafika ku khoti lalikulu la dzikolo mu 2008, pa mlandu wa Heller. Mzinda wa Washington unali ndi lamulo loti mfuti ya m'nyumba izikhala yomasulidwa kapena yokhoma. Oweruza asanu mwa asanu ndi anayi anagamula kuti lamulo lotero likuphwanya ufulu wokhala ndi mfuti umene unakhazikitsidwa mu 1791, chifukwa mfuti yokhoma singakuteteze. Tsono oweruza akuti yokhoma siteteza, madokotala akuti yosakhoma imapha ana, ndipo kuyambira 2020 mfuti ndiyo ikutsogola pa zinthu zopha ana ndi achinyamata a zaka 1 mpaka 19 m'dzikomo, kuposa ngozi za galimoto. Ndinafunsa kuti onse awiri angakhale bwanji olondola. Mphwanga anati kuli timabokosi totseguka ndi chidindo cha chala. Ndinafunsa ngati timayendera batire. Timatero.

Nanga masana? Kuchipatala kumene amagwira ntchito salola mfuti. Ku positi ofesi n'koletsedwa. M'kalasi mwa ana ake n'koletsedwa. Ndinafunsa kuti akafika malo otere aziyisiya kuti. M'galimoto. Ndinafunsa kuti akuba a kumeneko akaswa galasi la galimoto amafuna chiyani. Mnansi uja anali atatiuza kale kuti masiku ano safuna wailesi.

"Ndiye mfuti ya munthu woipa uja, imene iwe ukuiopa, mwina inagulidwa ndi munthu wabwino wonga iwe, amene amaopa munthu woipa?"

"Amalume, mukuzunguza mutu."

"Ine ndikungofunsa, mphwanga."

Pali chiwerengero china chimene sindinachinene patebulo ana ali pomwepo. Mu 2021 anthu 48,830 anafa ndi mfuti ku America. Mwa amenewa, 26,328 anadziwombera okha. Oposa theka. Mphwanga ndi nesi, amazidziwa izi kuposa ine. Anandiuza yekha kuti womwa mankhwala nthawi zambiri amapulumuka n'kukhala moyo zaka zambiri, koma wa mfuti kawirikawiri safika n'kuchipatala komwe. Ndinamufunsa tili awiri m'galimoto kuti kwawo kuno, kutali ndi abale, ngongole ya nyumba ili pakhosi, chisanu chikatseka anthu m'nyumba miyezi ingapo, munthu amene angathe kudzagwira mfutiyo usiku woipa ndi ndani kwenikweni, wakuba kapena wa m'nyumba momwemo. Anayendetsa galimoto mtunda ndithu osalankhula.

Sindikunena kuti analibe pogwira. Anandikumbutsa zimene zinachitika ku Indiana komweko pa 17 July 2022, lamulo latsopano lija litangotha masabata awiri. Munthu wina analowa ndi mfuti yaitali pamalo odyera mu Greenwood Park Mall n'kupha anthu atatu. Mnyamata wa zaka 22, amene anangobwera kudzagula zinthu, anatulutsa pisito yake, nawombera kakhumi ali patali ndithu, zipolopolo 8 n'kulasa. Apolisi anati zonse zinatha pa masekondi 15. Pakanapanda iye, maliro akanachuluka, ndipo ine sindingatsutse. Ndinangofunsa ngati pamalopo amalola mfuti. Anati ayi, eni ake amaletsa. Ndiye amene anamvera chikwangwani anabisala pansi pa matebulo, ndipo amene sanamvere ndiye anatamandidwa. Ndinafunsa kuti ana ake aziwaphunzitsa ziti.

Ndinafunsanso kuti apolisi akafika pamalo otere n'kupeza anthu awiri ali ndi mfuti, amadziwa bwanji wabwino. Ndipo ndinamuuza kuti ayang'ane khungu lake. Dzina la Philando Castile analitchula yekha. Bambo ameneyu ankagwira ntchito ku khitchini ya sukulu ku Minnesota, anali ndi chilolezo chonyamula pisito, ndipo wapolisi atamuimitsa pamsewu mu July 2016 anamuuza mwaulemu kuti ali ndi mfuti. Anawomberedwa ali pampando, chibwenzi chake ndi kamwana ali m'galimoto momwemo. Khoti linamasula wapolisiyo chaka chotsatira.

Munthu yekhayo amene mafunso anga sanamuvute ndi mlenje uja. Ndinamufunsa kuti mfuti yake yaitali, Winchester ya mtundu wa 1894 imene anasiyiridwa ndi bambo ake, ndi ya chiyani. Anatsegula firiji yaikulu n'kundionetsa nyama ya gwape. Imatuluka m'bokosi pakati pa November, nyengo yosaka ikatsegulidwa, ikatha imatsukidwa n'kubwereramo. Kuti akasake amagula laisensi, amavala chovala cha mtundu wa lalanje kuti alenje anzake amuone, boma limamuuza agwape angati amene angaphe, ndipo akapha amalembetsa pasanathe maola 48. Pa mtengo wa mfuti yaitali iliyonse ndi zipolopolo pali msonkho wa 11 peresenti, pa pisito 10, umene umapita kosamalira nyama zakutchire, potsatira lamulo la 1937. Ndinafunsa ngati ndamva bwino, kuti wofuna kuloza gwape ali ndi nyengo, laisensi, malire ndi yunifolomu, koma wonyamula mfuti yopangidwira kuloza munthu alibe n'chimodzi chomwe. Anakanda chibwano, nati sanaziganizirepo motero. Ndinamufunsa kuti nanga Glock ija ndi ya gwape uti. Anati imeneyo ndi ya mwina.

Mwana wa mnzanga amene ali ku Britain anandiuza pa foni kuti kumeneko anachita mosemphana. Munthu wina atapha ana 16 ndi mphunzitsi wawo ku Dunblane mu 1996, pisito zinaletsedwa chaka chotsatira, koma yaitali yosakira ukhoza kukhala nayo apolisi akakhutira ndi chifukwa chako. Mphwanga anati Britain ndi Britain.

Tinabwereranso kusitolo kuja, iye atasokonezeka kuposa poyamba. Anafunsa wogulitsa kuti mwachidule atenge iti. Wogulitsayo anati anthu ambiri amatha ndi zonse ziwiri: yaing'ono ya pamsewu, yaitali ya kunyumba, ndipo ena amaonjezera yapakatikati yophunzirira chifukwa kakang'ono kaja kamapweteka dzanja. Apa ndinamvetsa mmene mfuti zinachulukira kuposa anthu. Mphwanga sanagule tsikulo. Analembetsa kalasi ya Loweruka, nati akaphunzire kaye asanasankhe, ndipo mkazi wake anati ngati zili choncho apita nawo kuti akamve yekha.

Ndinapempha kuti nane ndipite, ndikaone ngati n'zoona kuti kamfutiko kamadumpha m'manja. Ndi pamene anandiuza chifukwa chimene anandipinditsira manja tsiku lija. Mlendo wobwera pa visa yocheza saloledwa kukhala ndi mfuti kapena chipolopolo, ngakhale kwa kanthawi. Ndinati zimenezo ndiye zomveka, boma silikundidziwa. Anati koma pali pothawira: lamulo lomwelo limalola mlendo amene ali ndi laisensi yosaka nyama. Ndinafunsa ngati laisensiyo imafuna mayeso. Anati ku Indiana maphunziro a ulenje amakakamiza okhawo obadwa pambuyo pa 31 December 1986. A msinkhu wanga amangolipira.

"Ndiye ine amene sindikufuna kupha kanthu boma likundikayikira, koma nditalipira ndalama n'kunena kuti ndikufuna kukapha gwape, lindikhulupirira?"

"Ndi mmene lilili lamulo, amalume."

"Nanga kumalo ophunzirirako kuli agwape?"

"Kuli mapepala ojambulapo munthu."

Loweruka anapita awiriwo. Ine ndinatsala ndi ana.